Mpunga tili nawo, nanga ndiwo? Za khitchini ndi kadimba ka pakhomo ku Bwanje

Inu a m'chigwa cha Bwanje, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua, Mtakataka mpaka kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja, nkhani iyi ndi yanu.

Miyezi ya June ndi July ikafika, mpunga wamwetedwa, wapunthidwa, ogula afika ndi masikelo awo, m'midzi mwathu mumaoneka kusintha. Uyu wagula malata, uyo waotcha njerwa, wina waika sola padenga, wina wabwera ndi njinga yamoto. Zonsezi nzabwino ndipo palibe woziletsa. Koma zungulirani kuseri kwa nyumba yamalatayo mukaone kumene chakudya cha banjalo chimaphikidwa. Kawirikawiri mukapeza kanyumba kakafupi, kopanda zenera, denga lothonya, makoma ali bii ndi mwaye, mafuwa atatu ali pansi. Mayi akuvundula nsima atawerama, mwana ali kumbuyo, onse awiri maso ali psuu ndi utsi. Mukafunsa ndiwo za tsikulo, akuuzani kuti tomato ndi kabichi adagula pamsika, zotsika ku mapiri, za ku Bembeke kapena ku Lizulu.

Maganizo anga ndi akuti khitchini ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi ntchito imodzi, ndipo ndi ntchito imene iyenera kulandira ndalama zoyamba za mpunga, osati zotsala. Zimene zimatuluka m'khitchini, phulusa, madzi otsukira, makoko, ndizo chakudya cha dimba. Zimene zimatuluka m'dimba ndizo zimabwerera mumphika. Tikazilekanitsa ziwirizi timataya pawiri.

Chigwa chathuchi sichosauka. Sikimu ya mthirira ya Bwanje, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kuyamba kugwira ntchito cha m'ma 2000, ili ndi mahekitala 800, ndipo alimi pafupifupi 2,000 amalimamo pogwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Namikokwe. Pambuyo pake padamangidwanso damu ndi thandizo la European Union kuti madzi azipezeka ngakhale m'chilimwe. Mpunga wa Kilombero wochoka kuno umanunkhira m'miphika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma kukhuta ndi kudya bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Alangizi azaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamafuta, zamasamba ndi zipatso. Kuno zokhutitsa tili nazo, usipa ndi utaka zimabwera kuchoka kunyanja, koma ikafika October, dzuwa litakwiya, masamba amasowa pakhomo, ndipo amene alibe ndalama amadya nsima ndi kansomba kamodzi kapena mchere.

Tiyambe ndi utsi, chifukwa ndi umene ukutidwalitsa mwakachetechete. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 3 miliyoni adamwalira ndi matenda odza chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Chifuwa chosatha cha agogo aakazi, maso oyabwa a mayi, chibayo cha mwana, zambiri mwa izo gwero lake ndi pa mafuwa pomwepa.

Ambiri mukuidziwa Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi youmba n'kuotcha, yonyamulika, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa. Mu 2013 boma lidalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo, ndipo kuyambira pamenepo magulu a amayi ambiri adaphunzira kuziumba. Ku Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa lidafalitsa ina yotchedwa Changu Changu Moto, yomanga ndi zidina ndi dothi, ya mabowo awiri, moti nsima ndi ndiwo zimapsa nthawi imodzi ndi tinkhuni tating'onoting'ono. Imeneyi simugula. Mumaumba zidina nokha, kumanga nokha, kuzira nokha, ndipo ikang'aluka mumaimata ndi dothi lomwelo.

Koma pano ndikuuzeni zoona zimene ogulitsa mbaula sakonda kuzinena. Madokotala adachita kafukufuku wamkulu ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, pa ana oposa 10,000. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa kwambiri, ena adapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zake, zimene zidatuluka kumapeto kwa 2016, zidaonetsa kuti chibayo cha ana sichidachepe ayi. Chimene chidachepa ndi ana opsa ndi moto. Tanthauzo lake nlakuti mbaula payokha si mankhwala. Imapulumutsa nkhuni, imateteza mwana wokwawa kuti asagwere pamoto, koma ngati kanyumbako nkotsekeka, utsi ukhalabe momwemo. Choncho khitchini yeniyeniyo iyenera kukonzedwa.

Kuno kumatentha, sitili ngati anzathu a ku Dedza boma amene amafuna khitchini yotsekeka kuti aziothera moto mu June. Ife tingathe kumanga khoma lofika m'chiuno kapena pachifuwa mbali ziwiri, pamwamba pake n'kusiya mpata kapena kuika njerwa motalikitsana kuti mphepo izidutsa. Mbali imene mwera umachokera, khoma likhale lathunthu kuti moto usamauluzike. Pakati pa khoma ndi denga pasiyidwe mpata wokwana chikhatho kapena kuposerapo, makamaka pamwamba pa moto, chifukwa utsi umakwera ndipo umafuna potulukira. Denga likhale lalitali, munthu aziimirira osagunda mutu. Nkhuni zikhale zouma, zosanjidwa pansi pa denga mvula isanayambe, pakuti nkhuni yaiwisi ndiyo imafuka kwambiri. Ndipo mwana wakhanda, ngati pali womugwira, asakhale kumbuyo kwa mayi nthawi yosonkha moto.

Za nkhuni ndinenepo pang'ono. Mukaimirira pa Mua n'kuyang'ana kumapiri, nkhalango ya Mua-Livulezi ikuoneka kuti yayepa, ndipo matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa M5. Mitengo ikatha kumtunda, mchenga umatsika ndi madzi kudzakwirira ngalande za sikimu, mitsinje n'kumasefukira. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, koma tonse tikudziwa kuti nsima ya m'mudzi idzaphikidwabe pa nkhuni kwa zaka zambiri zikubwerazi. Nchifukwa chake mbaula yodya tinthambi ili yofunika. Mitengo ya nandolo mukakolola, zitsononkho za chimanga, nthambi za gilisidiya wobzalidwa m'malire a pakhomo, zonsezi pa mafuwa zimangoti lawi kamodzi n'kutha, koma m'mbaula zimapsetsa nsima.

Palinso njira ina imene ikutiyenera ife eni mpunga. Tengani dengu lalikulu, muyalemo mankhusu a mpunga kapena masamba ouma a nthochi mochindikala, pamwamba pake chitenje chakale, pakati musiye malo okwana poto. Nyemba zimene mwaziviika usiku, zibwatitseni pamoto kwa kanthawi, kenaka poto ali chivundikirire muikeni m'dengumo, mufunditse bwino ndi kapilo ka mankhusu omwewo. Kutentha sikuthawa, nyemba zimapitiriza kupsa zokha inu muli kumunda. Mpunga umapsanso chimodzimodzi, osapserera. Mankhusu amene amangotayidwa kuseri kwa zigayo angathe kuchepetsa mitolo ya nkhuni imene mtsikana amasenza pa sabata.

China ndi msana wa mayi. Nchifukwa chiyani zonse za m'khitchini ziyenera kuchitikira pansi, pamene nkhuku, galu ndi fumbi zili pomwepo? Kachiunda ka njerwa kofika m'chiuno, kozira bwino kapena kopaka simenti pang'ono pamwamba, kamakwana kudulirapo ndiwo ndi kuikapo mbale. Nsanja ya nsungwi kukhoma isunge ufa, mchere ndi ziwiya kutali ndi makoswe. Panja pakhale thandala loyanikapo mbale padzuwa, ndi mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa pafupi ndi khomo la khitchini, osati kuchimbudzi kokha. Mtsuko wa madzi akumwa ukhale wovundikira, ndi kapu yakeyake yotungira. Kolera imene idayamba mu March 2022 idatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adavutika kwambiri. Tizinthu tating'ono ngati timeneti ndi timene timatseka njira ya matenda otere.

Ndipo poti kuno tomato amafota tsiku limodzi, amayi oumba mbiya angatithandize. Mphunzitsi wina wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, adafalitsa m'zaka za m'ma 1990 njira yoika mphika waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake n'kuthira mchenga wonyowa, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Madzi akamauma kudzera m'dothi la mphika wakunja, mkati mumazizira. Imagwira bwino nyengo yotentha ndi youma, pamthunzi podutsa mphepo, ndiye kuti September, October ndi November wathu.

Tsopano titulukire pakhomo la khitchini, tiyende mapazi khumi okha. Pamenepo ndi pamene kadimba kayenera kukhala. Sindikunena dimba la kudambo kapena puloti ya kusikimu, kumene mumapita ndi khasu m'mawa. Ndikunena kamalo kotalika mamita anayi kapena asanu, koti mayi ataika poto pamoto angathe kukathyola ndiwo madzi asanawire. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiwo za ku Lizulu zimafuna ndalama ndi tsiku la msika, za kuseri kwa khitchini zimangofuna dzanja.

Mdani woyamba wa kadimba kotere mukumudziwa: mbuzi. Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo chilichonse chobiriwira chimatha tsiku lomwelo. Choncho musanafese kambewu kalikonse, mangani mpanda wolimba wa bango, mapesi kapena nsungwi, wothina pansi kuti nkhuku zisalowe. Mkati mwa mpandawo bzalani zikhomo za chammwamba kapena gilisidiya, zimene zimaphuka n'kusanduka mpanda wamoyo. Ambiri amene adayesa dimba la pakhomo n'kulisiya, adalisiya chifukwa cha mpanda, osati chifukwa cha nthaka.

Mdani wachiwiri ndi dzuwa. Kumapiri amakweza mabedi, ife m'chilimwe tiyenera kuwazamitsa. Kumbani bedi lolowa pansi pang'ono kuti madzi azikhazikika pa mizu m'malo mothawira m'mbali. Mukabzala, phimbirani nthaka ndi mapesi a mpunga, amene ambiri timangowatentha. Nthaka yophimbira imasunga chinyontho masiku angapo, pamene ya pambalambanda imauma dzuwa lisanafike paliwombo. Kamthunzi ka udzu woyala mopyapyala pamwamba pa timitengo kamathandiza mbande mu October. Mvula ikayamba, pamenepo mpomwe mukweze mabedi kuti mizu isaole. Ngati muli ndi mtsuko wakale wosapaka kanthu, ukwirireni mpaka m'khosi pakati pa bedi, muzithiramo madzi n'kuvundikira. Madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'dothi la mtsukowo, molunjika ku mizu.

Madziwo achoka kuti, poti mjigo uli kutali? Ambiri ali kale pakhomo, timangowakhuthulira pabwalo. Madzi otsukira mpunga, otsukira masamba, otsukira mbatata, onsewo apite ku bedi la ndiwo. Madzi a sopo, a pathandala ndi a kubafa, musathire pa masamba odya. Akumbireni kangalande kopita pa phando la nthochi kapena pa mtengo wa papaya, pamene pali dzenje lodzaza miyala ndi zinyalala zouma kuti madzi azilowa pansi. Asadikhe poyera, chifukwa kuno udzudzu sitichita kuuitana.

Nanga tibzalemo chiyani? Apa ndi pamene ndimadandaula kwambiri. Tidazolowera kuganiza kuti dimba ndi repu, kabichi ndi chainizi, mbewu zogula m'mapaketi, zokonda kozizira, zimene kuno nsabwe ndi mbozi zimazipeza msanga. Pamene bonongwe amamera yekha pa khola lakale, sawopa kutentha, ndipo masamba ake ali ndi michere yothandiza magazi ndi maso kuposa kabichi. Luni, chisoso, denje, therere lobala, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa, chigwada: izi ndi ndiwo zimene zidalera makolo athu m'chigwa chomwechi, ndipo mbewu zake simugula, mumapempha kwa anansi kapena kusunga nokha. Pali anthu amene amachita manyazi kupatsa mlendo luni, amati ndi ndiwo za ausiwa. Manyazi amenewo ndi amene akutidyera ndalama. Bonongwe wotendera bwino ndi nsinjiro, mwana amadya masamba, zanyemba ndi mafuta m'mbale imodzi.

M'mbali mwa mpanda yendetsani maungu ndi nyemba zoyanga. Pakona ikani tsabola, anyezi ndi mapando angapo a tomato. Mzere umodzi ukhale wa mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, imene ili ndi vitamini A wambiri, ndipo masamba ake ndi kholowa wa tsiku ndi tsiku. Chammwamba chimakonda nyengo yathu ino, chimakula msanga, ndipo chimakhala ndi masamba pamene zina zonse zauma. Muzichidula pamwamba kuti chisatalike kupitirira pofika dzanja.

Chonde cha kadimbaka sichifuna thumba la feteleza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa feteleza udafika poti ngakhale wa kumunda wa chimanga ambiri adalephera kugula. Koma chigwa chino chili ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, ndipo ndowe zake zimangouma m'makola. Alangizi azaulimi akhala akuphunzitsa manyowa a chimato, amene mumasanja zinyalala zouma, masamba aawisi, ndowe ndi kadothi mosinthanasinthana, kuwaza madzi, kenaka kumata mulu wonse ndi matope n'kusiya kabowo kopumira. Aliponso a changu, amene mumawatembenuza pafupipafupi kuti apse msanga. Pa miyezi iwiri kapena itatu mumapeza manyowa akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Makoko a nthochi, a mbatata, zikamba za mazira, zotsala zonse za m'khitchini zipite pa mulu umenewu. Ndowe zaziwisi musaike pa ndiwo, zimatentha mbewu ndipo zimanyamula tizirombo toyambitsa matenda a m'mimba. Phulusa nalo ndi labwino, koma lowaza pang'ono, chifukwa likachuluka limawononga nthaka, makamaka malo amene dothi lake ndi lamchere kale. Ndipo amene muli ndi mtengo wa msangu pafupi, mukudziwa kale kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndi kuti chimanga cha pansi pake chimasiyana ndi chinzake. Dothi la pansi pa msangu ndi labwino kufeseramo mbande.

Za tizirombo, sindikunamizani kuti kulima popanda mankhwala ogula nkosavuta. Kumafuna maso. M'mawa uliwonse tembenuzani masamba, mbozi muzichotse ndi manja, tsamba lodwala mulithothole. Pa kadimba ka mamita asanu zimenezi nzotheka, pa ekala sizingatheke, ndipo nchifukwa chake ndikunena za kadimba kakang'ono. Nimu ali ponseponse kuno. Sinjani masamba ake, aviikeni m'madzi usiku wonse, sefani, onjezani kasopo pang'ono, muwaze madzulo dzuwa litapepa. Tsabola wowawa ndi adyo amagwiranso ntchito pa nsabwe za masamba. Ena amagwiritsa ntchito mthuthu, umene ndi wamphamvu ndithu, koma dziwani kuti umapha nsomba, choncho zotsala zake zisathiridwe m'ngalande kapena mumtsinje, ndipo mukawaza dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo. Kusakaniza mbewu pa bedi limodzi kumathandizanso, chifukwa kachirombo kokonda mpiru sikapeza mzere wonse wa mpiru wokhawokha. Tomato ndiye wovuta, makamaka chibwerere kambozi koboola masamba ndi zipatso kamene kadasautsa alimi m'zaka zapitazi. Bzalani wochepa, ndipo kabowo pa tsamba la mpiru kasakuchititseni mantha.

Chimene chimandiopsa ine ndi mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro pamisika, amene munthu amapopera lero, mawa n'kuthyola kukagulitsa. Mankhwala alionse ovomerezeka amalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, koma wogula pamsika alibe njira yodziwira ngati masikuwo adakwana. Ndiwo za kuseri kwa khitchini yanu mumadziwa chimene chidathiridwapo.

Wina anganene kuti izi ndi nkhambakamwa chabe. Ayi, zidachitika m'dziko mwathu momwemuno. Ku Dowa, malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha adayamba mu 1982 ndi kamalo kakang'ono ka dambo, ndipo Tikondwe Freedom Gardens idakula kufika potchuka kunja kwa dziko, akulima ndi manyowa ndi madzi oyenda okha m'ngalande. Ku Chitedze, ku Lilongwe, banja la a Kristof ndi a Stacia Nordin lakhala likuonetsa kwa zaka zoposa 20, pa malo otchedwa Never Ending Food, kuti bwalo losesedwa mpaka kuuma gwa lingasanduke munda wopatsa chakudya chaka chonse, makamaka ndi mbewu zamakolo. Kusesa pabwalo ndi ukhondo, inde, koma masamba amene timasesa n'kutentha m'mawa uliwonse ndi manyowa a mawa.

Ndiwo zikachuluka m'dzinja, tisaiwale mfutso. Agogo athu ankafutsa nkhwani ndi khwanya n'kusunga m'zikwatu, ndipo chilimwe chinkawapeza ali okonzeka. Chosintha nchimodzi chokha: masamba mukawawiritsa pang'ono, ayanikeni pamthunzi podutsa mphepo, pa thandala loyera, osati padzuwa lamphamvu kapena pansi, chifukwa dzuwa limawononga ena mwa mavitamini ake. Khitchini yokhala ndi nsanja youma ndi imene ingasunge mfutso mpaka November osachita nkhungu.

Mawu anga omaliza apite kwa inu abambo anzanga. Kuumba zidina, kukweza denga, kuboola zenera, kudula bango la mpanda, kukumba dzenje la manyowa, kututa ndowe kukhola: ntchito zimenezi musasiyire amayi, amene kale ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu ndi chidebe cha madzi m'manja. Inunso mafumu athu a m'dera la Inkosi Kachindamoto, monga mudalimbikitsira kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, nenaponi pa misonkhano za khitchini yotuluka utsi ndi za mbuzi zongolekerera. Mpunga wa chaka chino ukagulitsidwa, patulani mtengo wa thumba limodzi lokha ukhale wa khitchini ndi mpanda wa kadimba, ndipo ntchitoyo ithe mvula yoyamba isanagwe.